Zoti ku Oregon ena akufuna kukhala a ku Idaho osasamuka pakhomo, zimatheka bwanji?

Kachewere_Tsangano:

Akuluakulu moni nonse. Funso langa likupita makamaka kwa inu amene muli ku America. Dzulo ndili mu minibasi ya ku 25 dalaivala anatsegula wailesi, nde anakambako mwachidule za anthu ena ku Oregon amene akuti atopa ndi boma la state yawo, akufuna azikhala pansi pa Idaho. Ine poyamba ndimaona ngati akunena zosamuka, kukweza mabedi ndi mapoto mu lole, koma ayi ndithu, akuti nyumba, minda, ng'ombe zonse zikhale pomwepo, chosuntha ndi malire basi. Ndipo akuti anavota kale, anawinanso.

Nde mutu wanga sukugwira. Ngati anawina bwanji mapu sanasinthe mpaka pano? Chinanso, dziko ndi limodzi, ndalama ndi imodzi, pulezidenti ndi mmodzi, nanga kukhala mu Oregon kapena mu Idaho kukusiyana pati mpaka anthu achite kuvutika ndi kampeni? Ine kwathu ndi ku Ntcheu, ndakula ndikuona malire tsiku ndi tsiku, kuwoloka msewu wa M1 kokha uli ku Mozambique, nsima ndi yomweyo maliro timalirira limodzi, nde nkhani za malire zimandikoka. Ofotokoza afotokoze bwinobwino, ena ife geography tinaisiyira ku fomu 2.

NaPhiri_PDX:

Achimwene mwafunsa munthu wake. Ine ndili ku Portland chaka chachisanu ndi chinayi tsopano, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo nkhaniyi ndinayamba kuimvera pa bedi la agogo ena amene kwawo kunali ku Burns, uko kum'mawa. Mayi amenewo ukangotchula Portland ankachita tsinya ngati wawapatsa mankhwala owawa kkkk, chonsecho akugona mu Portland momwemo.

Choyamba muone kaye mmene Oregon anakhalira. Pakati pake padutsa mapiri a Cascade kuchokera kumpoto mpaka kummwera. Kumadzulo kwa mapiriwo nkobiriwira, mvula tsiku ndi tsiku, ndipo nkumene kuli Portland, Salem komwe ndi likulu, ndi Eugene. Anthu a mu Oregon onse alipo 4.2 miliyoni ndi kanthu ndipo ochuluka adzazana kumeneko. Mukangotsika mapiri kupita kum'mawa ndi dziko lina, kouma, tchire lalifupilifupi, ma ranch a ng'ombe, tirigu, anyezi, mutha kuyenda ola lathunthu pa galimoto osaona nyumba. County imodzi yokha ya Harney kukula kwake ndi pafupifupi chigawo chonse cha kumpoto kwathu, kuyambira Mzimba mpaka Chitipa, koma anthu ake sakwana 8,000. County tingoti ndi boma, ngati mmene tinenera boma la Ntcheu, ndipo Oregon ali nawo 36.

Nde pa voti mukudziwa kale chimachitika. County ya Multnomah yokha, momwe muli Portland, ili ndi anthu pafupifupi 800,000, kuposa dera lonse limene akufuna lichokelo, lomwe ndi malo opitirira theka la state koma anthu ake sakwana mmodzi pa khumi aliwonse. Mu 2020 ku Multnomah anthu 8 pa 10 anavotera Biden, ku Lake County 8 pa 10 anavotera Trump. Gavanala wa chipani cha Republican womaliza anali Vic Atiyeh, anachoka pa mpando mu 1987. Ndiye kuti munthu wa zaka 35 wa ku Burns chibadwire sanaonepo munthu wa chipani chake akulamula state. Pamene Idaho, yemwe ali pakhomo pawo pomwepo, ndi wa Republican kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Gululi limatchedwa Greater Idaho, anayambitsa ndi bambo wina wopuma pa ntchito dzina lake Mike McCarter wa ku La Pine. Anayamba kuika funsoli pa voti county ndi county. Mu November 2020 Union ndi Jefferson anavomera, mu May 2021 anabwera Baker, Grant, Lake, Malheur ndi Sherman, kenako ena mpaka Crook mu May 2024 kukwanitsa 13. Ku Wallowa mu 2023 anawina ndi mavoti osakwana khumi, anthu anachita kudikira masiku kuti awerenge bwino. Koma Douglas ndi Josephine anakana mu 2022, mpaka eni ake anachita kujambulanso mapu awo, kuchotsamo mbali ya kummwera chakumadzulo imene ikanapatsa Idaho gombe la nyanja.

Tsono apa mpamene wailesi yanu inakubisirani. Voti ija sinali yosuntha malire ayi. M'ma county ambiri funso linali loti, kodi makomishonala a county azikumana kangapo pa chaka kukambirana za kusamukira ku Idaho? Basi. Nde kuwina kwake ndi kumeneko, azibambo atatu kukhala pa tebulo, kukambirana, kulemba maminitsi, nkubalalika. County ilibe mphamvu yochoka yokha. Pamafunika nyumba ya malamulo ya Oregon ivomere, ya Idaho ivomere, kenako Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington, ivomere. Ku Idaho nyumba yaing'ono inavomera mu February 2023 kuti tiyeni tikambirane, koma ku Senate yawo zinangofera mu diloo. Ku Salem nde sanayerekeze nkomwe kuikambirana.

Za funso lanu loti kukusiyana pati, achimwene kuno state si ngati chigawo cha pakati ndi cha kummwera kwathu. State ili ndi malamulo akeake, misonkho yake, makhoti ake, ngakhale laisensi yoyendetsera galimoto ndi ya state. Ku Oregon chamba nchololedwa, masitolo ake ali pa msewu ndi zikwangwani zobiriwira, ku Idaho akakupeza nacho ndi mlandu. Ku Oregon kuchotsa pathupi nkololedwa, ku Idaho analetsa pafupifupi konse mu 2022. Mfuti, misonkho, zoti mlimi achite bwanji ndi mimbulu ikamugwirira ana a ng'ombe, zonsezo zimasiyana. Nde mzere umenewo suoneka ndi maso koma umalowa mpaka m'thumba ndi kuchipinda.

Dala_I84:

Achemwali NaPhiri afotokoza bwino koma afotokoza ngati munthu wa ku Portland kkkk, ndiloleni ndiikepo za mbali inayo. Ine ndimakhala ku Boise, likulu la Idaho, ndimayendetsa thiraki, msewu wa I-84 wochoka ku Boise kudutsa Ontario, Baker City, La Grande, Pendleton mpaka Portland ndimaudziwa ngati njira ya kuchigayo. Anthu amenewa ndimadya nawo m'ma truck stop, ndimawanyamulira anyezi ndi udzu wa ng'ombe.

Tangoganizani munthu wa ku Ontario, tauni ya Oregon ya m'malire ndi Idaho. Kupita ku Boise ndi ola limodzi. Kupita ku Salem komwe kuli boma lake ndi maola sikisi kapena seveni, nyengo ya chisanu pa phiri lija la pafupi ndi Pendleton msewu amatseka kumene. Chipatala chachikulu amapita ku Boise, ndege amakwerera ku Boise, TV amaonera ya ku Boise, olo wotchi yake imayendera nthawi ya ku Boise chifukwa mbali yaikulu ya Malheur County ili patsogolo ndi ola limodzi kusiyana ndi Oregon yense. Nde munthu ameneyo mukamuuza kuti ndiwe wa ku Oregon amangoti pa pepala.

Ndipo mkwiyo wawo sunayambe ndi Trump ayi, ndi wakale. Matauni ambiri kumeneko ankadalira matabwa. Mu 1990 boma linaika kadzidzi wina wa m'nkhalango pa mndandanda wa zotetezedwa, kudula mitengo m'nkhalango za boma kunatsika kwambiri m'zaka zotsatira, makina ocheka matabwa anatsekedwa motsatizana, ana anathawira m'tauni. Ena amati makinawo akanatsekedwabe chifukwa cha zamakono, mwina nzoona, koma kauzeni mdala amene anataya ntchito kuti si kadzidzi muone. Malo opitirira theka la Oregon ndi a boma la ku Washington, nde mlimi wa ng'ombe amadyetsa ziweto pa malo a boma ndi chilolezo, wina wa mu ofesi amene sanagwirepo mchira wa ng'ombe ndi amene amamuuza tsiku lolowetsa ndi lotulutsa. Mu 2016 mpaka anthu ena a mfuti, wotsogolera Ammon Bundy, analanda maofesi a malo osungira mbalame ku Malheur kwa masiku 41, munthu mmodzi anaphedwa ndi apolisi. Ambiri a kumeneko sanagwirizane nazo zimenezo, ndipo Bundy yo sanali wa ku Oregon nkomwe, koma zikuonetsani kuti pansi pamatentha.

Kenako mavoti a state yonse. Mu 2020 anavomereza Measure 110, yoti wopezeka ndi mankhwala ozunguza bongo ochepa asamangidwe. Kum'mawa ambiri anakana, Portland inavomera, inadutsa. Patangotha zaka zinayi nyumba ya malamulo yomweyo inabweza lamulolo itaona mmene misewu ya Portland inaonekera, nde a kum'mawa amati mesa tinanena. Mu 2022 Measure 114 yokhwimitsa kagulidwe ka mfuti inadutsa ndi kampata kakang'ono zedi, mavoti a m'tauni, ndipo yakhala ikuzungulira m'makhoti. Kwa munthu wa ku Portland mfuti ndi zigawenga, kwa munthu amene polisi ili pa mtunda wa ola ndi theka mfuti ndi ngati chikwanje kwathu, chimakhala kuseri kwa chitseko. Maseneta awo a Republican anayesa njira yonyanyala, kutuluka mu nyumba ya malamulo kuti chiwerengero chisakwane, mu 2023 anatha masabata sikisi osalowa, mapeto ake khumi analetsedwa kuimanso pa chisankho chotsatira. Nde anthu amati tikavota tigonja, tikanyanyala tilangidwa, chatsala nchiyani? Tipatseni chikalata cha chisudzulo basi, mwamuna wina alipo kale kuseri kwa mpanda.

Ine sindivota kuno, pepala langa silinafike pamenepo, koma ndikamawamvera ndimawamvetsa.

NaPhiri_PDX:

Achimwene a thiraki, kuwamvetsa nanenso ndimawamvetsa, koma inu mumacheza ndi eni ma ranch. Amene amazula anyezi amene mumanyamulawo munachezapo nawo? Ku Malheur County kuli anthu ambiri ochokera ku Mexico ndi ana awo, ndipo malipiro otsikitsitsa kumidzi ya Oregon anadutsa madola 13 pa ola kalekale, pamene ku Idaho akadali 7.25. Malire akasuntha usiku, mayi wotsuka mbale ku Ontario adzuka m'mawa lamulo likulola bwana wake kumudula pafupifupi theka. Ku Oregon kulibe msonkho wa pa katundu wogula mu sitolo, ku Idaho ndi 6 peresenti, ndipo inuyo a ku Boise Loweruka mumadzaza ku Ontario kudzagula zinthu, ena kudzagula chamba, musakane kkkk, magalimoto a m'masitolo amenewo manambala ake ndi a Idaho okhaokha. Azimayi a ku Idaho amene mimba yavuta amawolokeranso konko. Nde pali mitundu ya eni nthaka, a Warm Springs, a Burns Paiute, a Klamath, amene analipo mizere yonseyi isanajambulidwe, kampeniyi sinayambire kwa iwo.

Ndipo m'ma county ena amene anawina aja, 4 pa 10 kapena kuposa anakana. Amenewo akalowa mu Idaho nawonso adzakhala osamvedwa mpaka kalekale, nde nawo adzajambule mzere wawo? Onani mmene anachitira ndi tauni ya Bend, ili kum'mawa kwa mapiri koma poti masiku ano imavotera Democrat mapu awo anachita kuikhotera kuti itsale ku Oregon. Pamenepo nde ndinadziwira kuti nkhani si phiri kapena mtunda, nkhani ndi kusankha oti ukhale nawo.

Mphunzitsi_wopuma:

Ana anga mwakamba zakupsa. Ine ndinaphunzitsa history zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiikepo za m'mbuyo pang'ono, mundikhululukire ndikatalikitsa, ndi matenda a aphunzitsi.

Ku America state kubadwa kuchokera m'mimba mwa inzake zinachitikapo. Kentucky anachoka mu Virginia mu 1792, Maine anachoka mu Massachusetts mu 1820, koma onsewo mayi wawo anavomera. Yomaliza ndi West Virginia mu 1863, ndipo imeneyo inatheka chifukwa cha nkhondo ya pachiweniweni. Virginia atagalukira boma, anthu a kumapiri amene sanafune kugaluka anakhazikitsa boma lawo ku Wheeling, nkudzitcha kuti ndife Virginia weniweni, kenako nkudzipatsa okha chilolezo chochoka. Pulezidenti Lincoln anasaina poti inali nkhondo. Koma mverani za ngongole. Virginia anati mwapita inde, nanga gawo lanu la ngongole zimene tinatenga tili limodzi? Mlandu unakafika ku Supreme Court, mu 1915 anagamula kuti West Virginia alipire madola opitirira 12 miliyoni, ndipo anamaliza kulipira mu 1939. Kulekana 1863, kumaliza kugawana ziwiya 1939. Ndiye a Greater Idaho akamati nzophweka ine ndimaseka, chifukwa ndende yaikulu kwambiri ya Oregon ili ku Ontario komweko, yunivesite ya boma ili ku La Grande, misewu, penshoni za aphunzitsi ndi apolisi, zonsezo wina ayenera kugula kapena kulipira. Ndipo ndalama za sukulu za kumidziko zambiri zimachokera ku misonkho ya m'matauni omwe akuwadawo. Eni kampeni amavomera zimenezo, mpaka amauza a ku Portland kuti tisiyeni tipite mupepukidwe. Funso nkumati a ku Idaho ali okonzeka kusenza mtolowo?

Ina yosangalatsa ndi ya 1941. Ma county a kummwera kwa Oregon ndi kumpoto kwa California anakwiya ndi misewu yoipa, analengeza state yawo dzina lake Jefferson, likulu ku Yreka, anyamata ankatseka msewu Lachinayi lililonse ndi mfuti zosakira nkumagawa mapepala. Pa 4 December anaika gavanala wawo. Pa 7 December Japan inaphulitsa Pearl Harbor, nkhani yonse inathera pomwepo. Mbendera yawo ya ma X awiri mpaka lero ena amaipachika.

Chimene chinawonjezera moto m'ma state ambiri ndi chigamulo cha Supreme Court cha 1964, mlandu wa Reynolds ndi Sims, choti mipando ya nyumba za malamulo za state izigawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Kale ku California, Los Angeles yonse ndi mamiliyoni ake inali ndi seneta mmodzi, chimodzimodzi timaboma ta kumapiri ta anthu ochepa. Chinali chinyengo inde, koma chitachotsedwa akumidzi anataya chishango chawo. Nchifukwa chake nyimboyi simuimva ku Oregon kokha. Ku Colorado mu 2013 ma county 11 anavota zopanga state yatsopano, asanu anavomera. Ku Illinois ma county opitirira 30 avota kuti akufuna kusiyana ndi Chicago, mpaka Indiana mu 2025 anakhazikitsa komiti yoti ione za malire, koma Illinois sakuyankha. Ku California wachuma wina Tim Draper anataya mamiliyoni kufuna kuidula pasanu ndi kamodzi, kenako patatu, khoti linachotsa funsolo pa voti mu 2018.

Ndipo Congress singavomere chinthu osawerenga kaye kuti chipani chiti chipindula. Oregon ali ndi mipando 6 ku nyumba yaing'ono, Idaho iwiri. Kusuntha anthu pafupifupi 400,000 kutha kusamutsa mpando umodzi pamodzi ndi voti imodzi yosankhira pulezidenti. A Democrat angapereke zimenezo chifukwa chiyani?

Kumene ndinaona zikuyenda mwaulemu ndi ku Switzerland. Anthu olankhula Chifalansa a ku Jura anachoka mu chigawo cha Bern mu 1979 atavota dera ndi dera, mpaka mudzi ndi mudzi m'malire. Tauni ya Moutier inatsala ku Bern, anakangana zaka makumi anayi, voti ya 2017 khoti linaifafaniza, anavotanso mu 2021 nkusankha Jura, ndipo tsiku losamuka anaika 1 January 2026. Tauni imodzi ya anthu 7,000 ndi kanthu, zaka zonsezo.

Wa_ku_Joni_Carleton:

Madala mwatiphunzitsa, ulemu wanu. Koma inu mukukamba za azungu ovota mwaulemu, ine ndinaona ndi maso malire a province akusuntha ndipo kunali utsi. Ndinafika ku Joni 2006, ndinkakhala kwa malume anga pafupi ndi Carletonville, iwo ankagwira mu mgodi. Lokeshoni ya Khutsong inali ku Gauteng, boma la ANC linasintha malamulo kumapeto kwa 2005 nkuika masipala yonse ya Merafong ku North West. Anthu anakana, amati North West ndi yosauka, zipatala ndi masukulu ake sangafanane ndi Gauteng, ndipo ife ndi amene takumba golide amene anamanga Gauteng yo. Aise kunayaka. Matayala pa msewu, nyumba za makhansala kuotchedwa, chisankho cha March 2006 anthu ananyanyala ovota anali owerengeka, 2007 ana anatha miyezi osapita ku sukulu. Ife obwera timangokhala m'nyumba kuopa kuti mkwiyo ungatembenukire kwa ife. Anapita ku Constitutional Court, 2008 anagonja, koma 2009 chisankho chachikulu chitayandikira boma lomwelo linasinthanso malamulo nkuwabwezera ku Gauteng.

Nde ine zimene ndinatolapo, kumeneko sikunali za chikhalidwe kapena chipani, poti ambiri anali a ANC yomweyo, inali nkhani ya kuti chipatala changa chikhala cha ndani. Ndipo anawina chifukwa anali ndi choti boma liope, mavoti awo. A ku Oregon wo vuto lawo nloti amene akuwapemphawo sawafuna mavoti awo nkomwe, amawina popanda iwo, nde adzawamvera chifukwa chani. Chomvetsa chisoni nchoti ndinapitako zaka zapitazi, Khutsong ili mu Gauteng inde, koma nthaka ikungotitimira, maenje akumeza nyumba, madzi akuvuta. Mzere unabwerera koma mpopi sunadziwe.

Nyirenda_Ekwendeni:

Ndimawerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule. Nkhani ya a Dala ija ya munthu wovota chaka ndi chaka osawina, wopita ku likulu ulendo wa tsiku lonse, ife akumpoto sitifunika kuimasulira. 2014 chisankho chitatha nkhani ya fedulo inavuta kwathu kuno, ena mpaka ankatchula zodzipatula, ndipo yankho linali lomwelo la ku Salem, kungoti chete mpaka anthu atope. Koma kusiyana kwake nkoti a ku Oregon ali kale ndi fedulo, county yawo ili ndi bajeti, amasankha okha sherifu wawo, komabe akulira. Zimenezo zimandipatsa maganizo ine amene ndimaikonda fedulo. Tikanati lero kumpoto kukhale ndi boma lake ku Mzuzu, wa ku Chitipa ndi wa ku Likoma sadzayamba kunena kuti zonse zikuthera ku Mzimba? Nkhani yongogawa boma la Mzimba lokha pawiri yatenga zaka anthu akukokana. Neno anachoka ku Mwanza, Balaka ku Machinga, Phalombe ku Mulanje, Likoma ku Nkhata Bay, ma DC anachuluka, koma ndalama zimachokerabe ku Capital Hill mochedwa momwemo. Lamulo lopereka mphamvu ku makhonsolo tinalemba 1998, kenako tinakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 opanda khansala ndi mmodzi yemwe. Ine ndikadali wa fedulo, musandimve molakwa, koma ndikufuna ndione kaye chikwama chikusuntha ndisanaone mapu.

Dala_I84:

Achemwali NaPhiri za malipiro zija mwandigwira, sindikana, ngakhale kunena zoona ku Boise masiku ano olemba ntchito pa 7.25 sapeza munthu, ambiri amalipira kuposa. Koma za Bend zo ndikutsutsani pang'ono. Mesa kuisiya Bend ndi ulemu, poti eni ake sakufuna? Akanaikokera mkati mukanati akuba anthu, aisiya mukuti akusankha. Nanga mzere umene ulipo panowu anajambula ndani, mesa ndi anthu a m'ma 1850 amene anangotsata mtsinje wa Snake nkumalizitsa ndi rula, Idaho kulibe nkomwe nthawi imeneyo. Palibe chopatulika pamenepo. Ine ndikudziwa kuti sizichitika, eni akenso ambiri ukawafunsa pa khofi amavomera kuti sizichitika, amati bola ku Salem adziwe kuti tilipo.

NaPhiri_PDX:

Kudziwa nde adziwa, gavanala Tina Kotek atangolowa mu 2023 anayendera ma county onse 36, kaya anamva kaya anangojambulitsa zithunzi. Koma achimwene mzere wakale uja olo unajambulidwa ndi rula, anthu amanga moyo wawo pamenepo zaka 160, laisensi ya unamwino, penshoni, inshuwalansi ya kuchipatala. Agogo anga a ku Burns aja, amene ankadana ndi Portland, amene ankalipira bedi lawo ndi ine wowasambitsa inali thumba la boma la Oregon lomwelo. Tsiku lina ndinawauza mocheza, anandiyang'ana nkunena kuti ndiwasinthire tchanelo.

Kachewere_Tsangano:

Eee abale ndinafunsa kamodzi ndalandira semesita yonse, zikomo nonse, madala aphunzitsi makamaka. Nde ngati ndamva bwino, anawina voti yoti azikambirana, osati yosamuka, ndipo makiyi ali ndi anthu atatu amene awiri sakufuna kutsegula. A Nyirenda nkhani ya Mzimba ija tiyitsegulire malo akeake, pano ingatiphulikire. Koma a Dala ndatsala ndi kafunso kamodzi, mwati ku Ontario wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi kusiyana ndi Oregon yense, nde wogwira ntchito ya boma kumeneko amaweruka nthawi ya ku Boise kapena ya ku Salem?

Dala_I84:

Ya ku Boise aise. Akamatseka ofesi 5 koloko, ku Salem ikadali 4, foni ya abwana imangolira yokha.